Chanzi, tiyi wathu wa kuphiri

Amene anakulira kumtunda kwa Ntcheu, kuchokera ku Tsangano kudzera m'mbali mwa phiri la Mvai mpaka kukafika ku Lizulu, safunika kumufotokozera za mwezi wa Juni. Kumacha udzu uli mbuu ndi chisanu, zala zitauma gwaa moti kumasula chingwe cha mbuzi kumasanduka ntchito. Nkhungu imatsetsereka m'mapiri n'kudzaphimba mudzi, kenako chifuwa chimayamba kuyenda khomo ndi khomo. Nthawi ngati imeneyi munthu amafuna chotentha m'mimba. Lero chotenthacho ndi tiyi wa m'paketi. Ife pamene tinali ana, m'zaka za m'ma 1950, chinali chanzi.

Sikuti tiyi m'dziko muno munalibe ayi. Ku Mulanje anayamba kubzala tiyi mu 1891, koma masambawo ankakwera sitima kupita kwa azungu, ndipo otsala ankathera m'makapu a kumishoni ndi kwa akalaliki a paboma. Kumudzi tiyi wa kusitolo ankaoneka pa Khirisimasi, kapena akabwera munthu kuchokera ku Joni kaya ku Halale atanyamula sutukesi yachitsulo. Shuga ndiye anali nkhani ina. Fakitale ya ku Nchalo inayamba kugaya nzimbe mu 1966. Isanatero, shuga ankachokera kunja, ndipo mayi akagula pang'ono kwa mmwenye ankamubisa mumtsuko wakuseri kwa nkhali, kudikira mlendo kapena wodwala. Choncho chakumwa chathu cha m'mawa wozizira chinkachokera kutchire.

Chanzi ndi chitsamba chosadzionetsera. Chimakula kufika m'chiuno kapena m'mapewa a munthu wamkulu, nthambi zambirimbiri zochokera pansi. Masamba ake ndi aang'ono, okhakhala, a timano m'mbali, mitsempha yake yolowa mkati, ndipo amamera awiriawiri kapena atatuatatu mozungulira nthambi. Maluwa ndi timibulu toyererako tomera m'khwapa mwa tsamba, tosakopa maso n'komwe. Ukhoza kuchidutsa kakhumi osachiona. Koma ukangochikhudza ndi mwendo chimadziulula chokha, chifukwa fungo lake limakutsata mtunda wonse. Ng'ombe ndi mbuzi sizichikonda, n'chifukwa chake kudambo ndi m'mphepete mwa nkhalango komwe tinkadyetsa ziweto chinkatsala chili chiimire pamene udzu wonse wametedwa. Akatswiri a zomera amachitcha Lippia javanica, ndipo chimapezeka m'maiko ambiri a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa.

Amene anandiphunzitsa chanzi ndi agogo anga aakazi, mayi a mayi anga. Iwo sankathyola chitsamba chilichonse chimene akumana nacho. Chanzi chinalipo kuseri kwa khola, chinalipo panjira ya kuchitsime, koma cha tiyi ankachitsata kuphiri, pamalo ena a miyala pamwamba pa khwawa. Tikafika ankabudula tsamba limodzi, n'kulitikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kundiika pamphuno.

"Tanunkhiza iwe. Chikuti bwanji?"

"Chikununkhira ndimu, agogo."

"Eya, chimenecho n'chakumwa. Tsono bwera kuno."

Ankanditengera pa chitsamba china, chofanana ndendende ndi choyambacho, masamba omwewo, maluwa omwewo. Kutikita tsamba, fungo lake linali lina: lakuthwa, lolasa m'mphuno mpaka misozi.

"Ichi sitimwa. Ichi n'chofukizira ndi chothamangitsira utitiri."

Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi mwambo chabe wa anthu okalamba. Ndinadzamva nditakula kuti ofufuza anayeza mafuta a m'masamba a chitsambachi n'kupeza kuti zitsamba za mtundu umodzimodziwu zimasiyana kwambiri mankhwala amene zili nawo, china kukhala ndi ochuluka a fungo la ndimu, china a fungo lakuthwa lija. Agogo analibe makina oyezera, analibenso tsiku limodzi la m'kalasi, koma mphuno yawo inkadziwa kusiyanitsa.

Kathyoledwe kakenso kanali ndi malamulo. Sankazula, sankadula tsinde. Ankangobudula nsonga zanthete, mame atauma, ndipo pa chitsamba chimodzi sankatengapo zopitirira dzanja limodzi. Ine ndi changu cha ubwana ndikafuna kupulula nthambi yonse ankandimenya kadzanja: "Chaka chamawa udzathyola chiyani?" Tikafika kunyumba masambawo ankayanikidwa palichero pakhonde, pamthunzi. Padzuwa ankakana, ati fungo limathawa. Akauma ankawasunga m'chikwatu cha masamba ouma n'kuchipachika kudenga, momwe ankasungira mfutso.

Pophika, madzi ankawira kaye mumphika wadothi. Akabwadamuka ankauphula, n'kuponyamo masamba ongotapa ndi zala zitatu, n'kuvundikira ndi mbale. Kuwiritsa masamba pamoto ankati n'kupha tiyi, amawawa ndipo kununkhira kumapita ndi nthunzi. Pakapita kanthawi kokwana kusenda mbatata yootcha, ankavundukula. Madzi aja amakhala asanduka achikasu chobiriwirako, ndipo fungo limadzaza kukhitchini konse mpaka kugonjetsa utsi. Chaka chimene amalume afula njuchi tinkathiramo uchi. Zaka zina tinkangomwa wosatsekemera, kutsatiza ndi mbatata kapena chigumu, titazungulira mafuwa, mapazi ali kumoto. Ndamwapo tiyi m'mahotela a ku Blantyre wobwera ndi kambale kake ndi kasupuni, koma sanandifike pamtima ngati wa m'kapu yachitsulo yobenthuka m'milomo ija.

Chifuwa chikakula, nkhani inkachoka pa kapu kupita pa nkhali. Agogo ankawiritsa chanzi chakuthwa chija chambiri, nthawi zina pamodzi ndi masamba a bulugamu, n'kukukhazika pampando waung'ono, nkhali ili pakati pa miyendo, n'kukufunditsa bulangete mutu ndi thupi lomwe. Mkatimo mumakhala mdima, moto ndi fungo lolasa. Ukalira kuti ndapsa, iwo kunjaku ankangoti, "Puma ndi pakamwa, mwana wa Angoni salira nthunzi." Potuluka umakhala uli thukuta kamukamu, mphuno zitatseguka, ndipo usiku umenewo tulo tinkabwera. Nthambi zotsala zinali ndi ntchito zake. Zina ankaziyala m'chisa cha nkhuku yofungatira kuti utitiri usaivute. Zina ankasesera m'nyumba mukachuluka nthata. Madzulo a dzinja ankaponya zaziwisi pamakala kuti utsi upirikitse udzudzu, ndipo nyemba zosungira mbewu ankazisakaniza ndi phulusa ndi masamba ouma a chanzi poopa anankafumbwe.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri, komabe, ndi malire amene agogo ankaika. Chanzi cha mankhwala sichinali chomwa mwezi wathunthu. Masiku atatu kapena anayi, basi, ankati thupi lipume. Khanda sankalimwetsa. Mayi woyembekezera sankamupatsa. Ndipo mwana akatentha thupi mpaka kuyamba kubwebweta kapena kukomoka, iwo omwewo ndi amene ankayamba kukalipa kuti abambo amubereke kupita naye kuchipatala cha mishoni usiku womwewo. Sindinawamvepo akunena kuti chanzi chimachiza chilichonse. Amene amalankhula motero ndi ogulitsa mabotolo m'misika ya masiku ano.

Amalume anga ena anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, nthawi imene bungwe la Wenela linkatengera anthu kumigodiko, boma lisanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri. Iwo ankasimba kuti Azulu ndi Aswazi amene ankagona nawo m'komponi ankachidziwa bwino chitsambachi, ankamwa pa chifuwa ndi kutentha thupi monga ife, ndipo ena ankasamba nacho m'manja pochokera kumaliro. Ankanena monyadira, ngati umboni woti ife Angoni a kwa Gomani tinachokeradi kumeneko. Kaya nzeruyo inabwera ndi Angoni paulendo wawo, kaya anaipeza kwa Achewa amene anawakwatira kunoko, agogo sankalabadira. Ankangoti chitsamba chilibe mtundu.

Tinachisiya bwanji? Palibe amene analetsa. Tinachita manyazi basi. Shuga atayamba kupezeka, tiyi wa Chombe atafika m'magolosale, nyumba yopatsa mlendo chanzi inkaoneka yosauka. Ife amene tinapita kusukulu ndife tinali patsogolo kunyoza. Tinkabwera patchuthi titavala nsapato, n'kumati zamasambazi n'zachikale, tsabola wakale sawawa. Agogo sanatsutsane nafe. Ankatiphikira tiyi wathu wa m'paketi, iwo n'kudziphikira chanzi chawo pambali, mpaka tsiku limene anatisiya.

Kenako phiri lenilenilo linasintha. Kuyambira cha mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu miyandamiyanda m'dziko muno, opitirira miliyoni imodzi pamene zinafika pachimake, ndipo Ntcheu, poti malire ake ndi msewu chabe m'madera ena, inalandira ambiri. Anali abale athu, olankhula chinenero chathu, ena a mfunda umodzi ndi ife. Ankafunika mitengo yomangira ndi nkhuni, ndipo nkhalango za Mvai ndi Dzonzi zinalipira. Koma tisawanamizire. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, iwo anabwerera kwawo, koma nkhwangwa sizinaleke kulira. Amene anapitiriza ndife eni, ndi mauvuni a makala, minda ya kachewere yokwera mpaka pamsonga, ndi moto wa osaka mbewa chaka ndi chaka. Mu 2018 damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, linaphwa anthu n'kumayenda pansi pake. Chanzi pachokha n'cholimba, chikapsa chimaphukanso, ndipo m'mbali mwa misewu chikadalipo. Koma malo aja a miyala pamwamba pa khwawa, pamene panali chonunkhira ndimu, lero ndi munda. Makasu anazula zitsa zonse.

Tsono pali nkhani ya ku China imene imandipatsa maganizo ndikamakumbukira zonsezi. Aliyense m'Malawi muno amamudziwa LA, mankhwala a malungo amene timamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Ochepa amadziwa kuti mphamvu yake ina inachokera ku chitsamba cha kutchire. Anthu a ku China akhala akugwiritsa ntchito chomera chotchedwa qinghao, chimene akatswiri amati Artemisia annua, pa matenda otentha thupi kwa zaka mazanamazana. Mu 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati ndipo malungo akupha asilikali, boma lawo linakhazikitsa ntchito yachinsinsi yofufuza mankhwala atsopano, chifukwa chloroquine anali atayamba kulephera. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anapatsidwa gulu loti alitsogolere mu 1969. Iye ndi anzake anasonkhanitsa njira zamakolo zoposa 2,000 kuchokera m'mabuku akale ndi kwa asing'anga. Qinghao ankaoneka ngati akugwira ntchito lero, mawa ayi. Chimene chinatsegula njira ndi buku la sing'anga wina, Ge Hong, amene anakhalako zaka zoposa 1,600 zapitazo. M'menemo munali malangizo oti chomeracho achiviike m'madzi n'kufinya, osati kuwiritsa. Mayiyo anazindikira kuti moto ndi umene unkawononga mankhwalawo. Atasintha njira mu 1971, zinatheka, ndipo asanapatse odwala anayamba wamwa iye mwini pamodzi ndi anzake kuti aone ngati alibe chiphe. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel.

Kuno kwathu chloroquine tinamusiya mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, n'kutenga Fansidar. Fansidar nayenso atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Ndiye kuti mdzukulu wanga akadwala malungo lero, chimene chimamudzutsa ndi nzeru ya agogo a anthu ena, imene eni ake sanachite nayo manyazi. Anailemba, anaisunga, ndipo itakwana nthawi anaiyeza n'kupatula choona ndi chabodza. Ndikawerenga za kuviika m'malo mowiritsa, ndimakumbukira dzanja la agogo likuphula mphika pamoto masamba asanalowe. Sindikunena kuti m'chanzi muli mankhwala a malungo, ayi ndithu. Ndikunena kuti kusamala kwa mtundu umenewo kunaliponso kwathu, koma ife sitinakulembe.

Pali ena amene anayesako kulemba. Jessie Williamson anatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, ndipo Brian Morris analemba za mankhwala azitsamba a Achewa mu 1996. Ku Zomba kuli National Herbarium kumene amasunga zomera zouma za m'dziko muno ndi maina ake. Koma mabuku amenewa ali m'Chingerezi, ali m'mashelefu a m'tauni, ndipo mwana wa ku Kampepuza kapena ku Biriwiri sadzawaona.

Anzathu oyandikana nawo anapita patsogolo pang'ono. Ku South Africa, bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIR linagwirizana ndi asing'anga, n'kuyeza mafuta a chitsamba chomwechi, ndipo mapeto ake anayamba kupanga makandulo othamangitsa udzudzu ku Giyani m'chigawo cha Limpopo, asing'angawo n'kumalandirako gawo la phindu. Ku Botswana ndi ku Zimbabwe masamba ake amagulitsidwa m'mapaketi ngati tiyi wina aliyense. Ku Zimbabwe komweko ofufuza anayesa madzi a masambawa pa ng'ombe n'kuona kuti nkhupakupa zimachepa. Kwathu kuno akatswiri a ku koleji ya zaulimi ya Bunda, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku Britain, anayesa kupopera mbewu za mtundu wa nyemba ndi madzi a zitsamba zingapo, chanzi, deliya ndi ombwe zili m'gulumo, ndipo anapeza kuti tizilombo towononga timachepa pamene tizilombo tothandiza mlimi sitifa monga timafera ndi mankhwala a m'sitolo. Zonsezi agogo akanamva akanangoseka, n'kufunsa ngati pamafunika galimoto ndi digiri kuti munthu adziwe zimenezo. Koma ine ndimati zimafunikadi, pakuti kuyeza ndi kumene kumasiyanitsa mankhwala ndi mphekesera.

Mphekeserazo tinaziona nthawi ya Covid-19. Matendawa atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, makamaka mu Januwale 2021 pamene nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, anthu a m'tauni anakumbukira mwadzidzidzi kuti kumudzi kuli masamba. Amene ankatiseka aja anayamba kuimba mafoni: "Agogo, titumizireni chanzi pa minibasi." Ku Zimbabwe, kumene amachitcha zumbani, chinasanduka malonda otentha. Ku Madagascar mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Andry Rajoelina, anafika potulutsa chakumwa cha artemisia n'kumati chimachiza matendawo, chonsecho panalibe umboni. Ine zinandisangalatsa kuona ana akufunanso chitsamba cha makolo awo, koma zinandiopsanso. Anthu ankazula ndi mizu yomwe, kudzaza matumba. Ankamwa makapu asanu pa tsiku, sabata ndi sabata. Ena ankafukiza ana aang'ono pa madzi obwadamuka mpaka kuwawotcha. Anatenga chitsamba, malamulo ake n'kuwasiya.

Ndipo malamulowo ali ndi chifukwa. Zomera za banja la chanzi zili ndi mankhwala ena amene akachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali amatha kuvulaza chiwindi, munthu n'kuyamba chikasu. Palinso chitsamba china chobwera, lantana, chimene chadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'mabwinja, masamba ake ofanana ndi a chanzi kwa munthu wosazolowera. Chimenecho chili ndi timinga m'nthambi, maluwa ake ndi ofiira, achikasu kapena apinki, chimabala tizipatso takuda, ndipo chimapha ng'ombe. Mwana wokulira m'tauni ukamutuma chanzi akhoza kukubweretsera chimenecho. Za malungo ndiye ndinene mosapsatira: ngakhale tiyi wa artemisia weniweniyo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amaletsa kumwa ngati mankhwala a malungo, chifukwa mphamvu yake m'kapu siidziwika, ndipo mankhwala operewera amangophunzitsa tizilombo kupirira. Thupi likatentha, kayezetseni magazi. Chanzi n'cha chimfine, chifuwa chopepuka ndi kuzizira kwa m'mawa, ndiponso n'chongomwa kuti mtima ukhale m'malo.

Ine pano ndinabzala changa kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa mpanda. Ndinachipeza kwa mayi wina wachikulire wa kufupi ndi Tsangano, amene anandinunkhiritsa zitsamba zitatu asanandilole kudula nthambi. Sichivuta: kanthambi kokhwima pang'ono ukakazika m'dothi lonyowa mvula ikayamba kamagwira, ndipo chikakula sichifuna feteleza kapena kuthirira. Mbuzi zimachilambalala. Adzukulu akabwera patchuthi ndimawaphikira. Wamkulu amati n'chowawa ndipo amathira shuga masupuni atatu. Wamng'ono, mtsikana, anayamba kale kutikita masamba n'kumanunkhiza asanathyole, popanda womuuza kawiri.

Inu a ku Ntcheu amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kaya ku Joni, m'midzi mwanu mukadali amayi okalamba odziwa chitsamba chakumwa ndi chofukizira, muyezo wake ndi tsiku lolekera. Chaka chilichonse tikuwaika m'manda. Mukapita kumudzi ulendo uno, musangokatenga thumba la kachewere n'kubwerera. Kakhaleni nawo pansi, akutengereni kutchire, mukanunkhize nokha, ndipo zimene akakuuzeni mukazilembe m'Chichewa.